Matayala Akaima, Amalipira Ndani?

 Ndikulankhula ndi inu amene mukundimvera pa foni muli pa mzere wa mathiraki pa boda, poto ali pa mbaula m'mbali mwa tayala. Nkhani ya lero ndi yanu, komanso ndi ya amene mwawasiya kunyumba.

Mumsewu umene ndimakhala kuno ku Chunga, mu Lusaka, muli madalaivala awiri, nyumba zawo zoyang'anana. Woyamba ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene amayendetsa thiraki yaikulu kupita ku Dar es Salaam, nthawi zina ku Beira, mwinanso kulowa mu Congo. Wachiwiri ndi aneba athu a kanta, amene m'mawa uliwonse amakaima pafupi ndi msika wa Buseko kudikira wofuna kunyamulitsa matabwa, mabuloko, mchenga kapena katundu wa munthu wosamuka. Onse awiri amadyera chiwongolero, onse awiri ndi abambo osamala mabanja awo, koma moyo wawo unasiyana kutali.

Tsiku lonyamuka alamu, nyumba yonse imadzuka 04:00 isanakwane. Mlongo wanga amakhala atalongedzeratu usiku: kathumba ka ufa, kapenta, nyemba, botolo la mafuta ophikira, mchere, sopo, bulangeti, mankhwala a mutu ndi a malungo. Pasipoti, laisensi ndi kabuku kachikasu ka katemera zimalowa m'kachikwama kamene sikachoka pathupi. Ana amadzutsidwa kuti atsanzike, tulo tili m'maso, ndipo funso lawo ndi lomwelo chaka ndi chaka: "Atate, mubwera liti?" Yankho nalo silisintha: "Zikayenda bwino, masabata atatu." Mawu akuti "zikayenda bwino" amenewa ana a madalaivala amawamvetsa asanayambe n'komwe sukulu. Amadziwa kuti masabata atatu amatha kusanduka asanu, osadabwa aliyense.

Aneba a kanta amatuluka dzuwa litatuluka kale. Pofika 18:00 timamva injini yawo ikukhosomola pa kona. Tsiku lina amatsika ndi buledi ndi kankhuku m'manja, tsiku lina amatsika manja ali m'thumba. Koma amatsika.

Anyamata a m'komboni muno akaona mpanda wa mabuloko ndi geti yachitsulo ya kwa alamu, akamva kuti munthuyu amagwira madola, mtima wawo wonse umapita ku laisensi ya CE yoyendetsera mathiraki akuluakulu. Sindiwanena ayi. Ntchito zikusowa, ndipo mnyamata amene wasankha kuphunzira chiwongolero m'malo motandala pa bala ndimamulemekeza. Chimene ndikupempha n'chakuti tikhale pansi tiwerenge limodzi masiku.

Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita pafupifupi 2,000. Thiraki yolemedwa, itati ingoyenda osaimitsidwa, ingadye masiku anayi kapena asanu popita, ena otero pobwera. Nanga masabata atatu, anayi, asanu aja amachokera kuti? Amachokera m'kudikira. Kudikira kuti apakire katundu. Kudikira ejenti kuti amalize mapepala. Kudikira pa sikelo ku Kapiri Mposhi. Kudikira pa mzere wa pa Nakonde, kusuntha pang'ono n'kuzimitsanso injini, kufikira utaoloka kulowa Tunduma. Kudikira pa doko kuti atsitse, kenako kudikira katundu wobwerera naye, chifukwa palibe bwana amene angalole thiraki kuyenda mtunda wonsewo yopanda kanthu. Alamu anandiuza tsiku lina tikudya nsima kuti, "Alamu, kuyendetsa ndi kumene timapumulirako. Chotopetsa n'kuima."

Ndinawafunsa kuti munthu amachita chiyani pa mzere masiku anayi. Anati umaphika, umachapa, umayanika zovala pa galasi, umagula madzi a m'chigubu osambira kuseri kwa thiraki, umalipira chimbudzi, umalipira mlonda, ndipo usiku umagona khutu limodzi lili panja kuopa akuba dizilo, mabatire ndi matenti. Sungachoke kupita patali, chifukwa mzere ukasuntha iwe kulibe, anzako akudumpha. Ndipo tsiku lililonse loima likudya ndalama ya ulendo imene unapatsidwa ponyamuka. Pali mabwana ena amene amawerengera malipiro pa ulendo kapena pa makilomita. Kwa otere, thiraki ikaima sabata yathunthu chifukwa kompyuta za pa boda zafa, dalaivala sanagwire ntchito. Chonsecho munthuyo sanagone kwawo, sanachoke pa katundu wa bwana ngakhale ola limodzi.

Kuti timvetse chifukwa chake ana athu ambiri ali mumsewu chonchi, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere. Tazunguliridwa ndi maiko asanu ndi atatu, ndipo chilichonse chobwera pa sitima ya pamadzi chiyenera kudutsa pakhomo pa mnzathu. Pa 11 Novembala 1965, Ian Smith atalengeza kuti Rhodesia yadzilamulira yokha, mafuta amene ankabwera kudzera kum'mwera anadulidwa. Zambia inali ndi chaka chimodzi chokha cha ufulu. Amene anaipulumutsa anali madalaivala, pa msewu wa Great North umene nthawi imeneyo unali wafumbi m'chilimwe, wamatope m'dzinja. Msewuwo unaopsa mpaka anthu anautcha Hell Run, kuufanizira ndi njira ya kumoto. Mu 1966 kunakhazikitsidwa kampani ya Zambia Tanzania Road Services, ndipo malole a Fiat ankapita ndi kopa n'kubwera ndi migolo ya mafuta. Ambiri anatsalira m'maphompho a njira imeneyo. Paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inayamba ntchito mu 1968. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, imene a Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere anailimbikira ndipo China inamanga, inatha mu 1975. Cholinga chinali chakuti katundu wolemera achoke pa msewu. Koma njanji zathu zitafooka, kopa wa ku Solwezi, wa ku Kalumbila, wa ku Kolwezi ku Congo, feteleza, salfa, petulo, zonse zinabwerera pa msana wa dalaivala. Mukadzadutsa mu Mungwi Road mudzaone matanka a mafuta atandandalika. Dalaivala aliyense wa matanka amenewo ali ndi khomo limene likumudikira.

Sindikunena kuti palibe chasintha. Pa Chirundu, kuyambira Disembala 2009, maofesi a maiko awiri anaphatikizidwa kuti dalaivala aziima kamodzi kokha, ndipo inali boda yoyamba yotere mu Africa. Pa Kazungula, pamene mathiraki ankagona masiku ambiri kudikira pantoni, mlatho wa mamita 923 unatsegulidwa mu Meyi 2021. Pa Mwami ndi Mchinji anachitanso zophatikiza maofesi mu Disembala 2022. Zimenezi n'zabwino, ndipo zikutiphunzitsa kuti kudikira si mvula yochokera kumwamba. Anthu ndi amene amakupanga, anthu omwewo angathe kukuchepetsa. Koma funsani aliyense amene anapitako pa Kasumbalesa, pamene mzere umatha kufika ku Chililabombwe n'kupitirira, ndipo munthu akaoloka tsidya linalo mtima sukhala m'malo mpaka atabwerera.

Palinso mantha amene sitiwaona tikamasirira mpanda uja. Pa Kapiringozi potsetsereka kupita ku Chirundu, pa Manenekela mu Great East, pa Danger Hill kupitirira Mpika, pa Kitonga ku Tanzania, mabuleki akakana ndiye kuti nkhani yatha. Mu Seputembala 2019, pamene alendo ankachitidwa chipongwe ku South Africa ndipo mathiraki ankatenthedwa, boma lathu linachenjeza madalaivala kuti asapiteko, ndipo akazi ambiri kuno anagona foni ili m'manja. Mu Meyi 2020, matenda a Covid-19 atabuka pa Nakonde, boda inatsekedwa, ndipo anthu omwe ankatibweretsera mafuta ndi mankhwala tinayamba kuwaloza chala kuti ndiwo akubweretsa matenda. Zinandiwawa kwambiri. M'sitolo tinkafuna katundu wawo, koma pa mpopi sitinkafuna kuima pafupi ndi akazi awo.

Pa nkhani ya matenda ndilankhule mosabisa, poti tonse ndife akulu. Dalaivala wa maulendo ataliatali anapatsidwa mbiri yakuti ali ndi mkazi pa boda iliyonse. Alipo ochita zimenezo, ndipo manda a ku Chunga ndi a ku Chingwere anameza ambiri m'zaka zimene edzi inalibe mankhwala. N'chifukwa chake ntchito yolimbana ndi edzi ya Corridors of Hope inakayikidwa m'malo ngati Chirundu, Nakonde ndi Kasumbalesa. Koma munthu amene waimitsidwa masiku asanu pamalo popanda chochita, kutali ndi kwawo, kandalama kali m'thumba, wayikidwa pa mayesero amene ambiri a ife oweruza sitinawalawepo. Mukafupikitsa mzere, mwachepetsanso matenda. Ndipo pali matenda ena amene sitiwatchula: msana, BP, shuga, kutupa miyendo, maso ofiira chifukwa cha tulo tosakwana. Wodwala shuga amene tsiku lake lokatenga mankhwala lamupeza ali pa Tunduma, achite bwanji?

Tsopano tibwere kunyumba, chifukwa odikira ndi awiri. Wina ali pa boda, wina ali pakhomo.

Mu Januwale 2024, inu nonse mukukumbukira, kolera inavuta mu Lusaka. Sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la Heroes Stadium, pafupi pompano, linasanduka chipatala. Usiku wina, cha m'ma 01:00, mwana wamng'ono wa mlongo wanga anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Pasanathe maola awiri maso anali atalowa m'kati. Alamu anali pa Tunduma, tsiku lachitatu pa mzere. Ine ndinali ku maliro ku Petauke. Mlongo wanga anatuluka ndi chitenje chokha, mvula ikugwa, n'kukagogoda pa zenera la aneba. Bambo aja sanafunse za mafuta, sanafunse za ndalama. Anavala malaya chotembenuza, analiza kanta, mkazi wawo anakwera kutsogolo atanyamula mwanayo pamiyendo, n'kudutsa m'matope mpaka kuchipatala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, akuluakulu sananame.

Nthawi yonseyo alamu anali pa WhatsApp, kuimba, kudula, kuimbanso. Anatumiza ndalama pa Airtel Money nthawi yomweyo, zambiri kuposa zimene zinkafunika. Koma kuchoka sakanatha. Ukasiya thiraki ya katundu wa madola zikwizikwi pa boda, ntchito yatha, mwinanso ndende ikukudikira. Mwanayo anachira, tithokoze Mulungu ndi anamwino amene sanagone masiku amenewo. Alamu anafika patapita masiku khumi ndi awiri. Ndinawaona atakhala pa khonde, mwana ali pamiyendo, osalankhula kanthu nthawi yaitali. Madzulo ake anawoloka msewu atanyamula thumba la mpunga wa ku Nakonde, n'kukagwada pakhomo pa aneba.

Musaganize kuti ndikukometsa moyo wa kanta. Walira mvula walira matope. Aneba nawo ntchito yawo yaikulu ndi kudikira, ndipo kudikira kwawo kulibe wolipira ngakhale ngwee imodzi. Kanta si yawo. Mwini wake amafuna ndalama yake imene anapangana, kaya kunali ntchito kaya kunalibe. Pa malo oimikapo pamakhala makanta ochuluka, kasitomala mmodzi akafika onse amamuthamangira, ndipo mtengo umatsika mpaka phindu lonse litathera mu dizilo. Mu 2022 bungwe loyang'anira za mafuta la ERB linayamba kuunika mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi, koma womanga nyumba ku Kabanana safuna kumva kuti mtengo wonyamulira mabuloko wakwera. Dzinja likafika zomangamanga zimaima, misewu ya m'komboni imasanduka mitsinje, masipuling'i amathyoka. Palibe kalata ya ntchito, palibe penshoni ya NAPSA, ndipo akadwala sabata imodzi makiyi amapatsidwa kwa wina. Mwezi ukathina, njira imakhala ya kwa a kaloba, okongoza ndalama pa chiwongoladzanja.

Nanga a minibasi, a Chunga kupita m'tauni? Amenewo timati amagona kwawo, inde, koma amatuluka ana asanadzuke, amabwera ana atagona. Amafika m'nyumba thupi lokha, mutu uli pa ndalama ya bwana imene sinakwane.

Pakati pa thiraki ya maulendo ataliatali ndi kanta pali ntchito imene madalaivala achikulire ambiri amailakalaka: ya m'dziko momwemuno. Kunyamula simenti ya ku Chilanga kupita ku Copperbelt, shuga wa ku Nakambala ku Mazabuka, chimanga cha ku Chipata ndi ku Mkushi. Umagona kunja usiku umodzi kapena itatu, Lamlungu uli ku tchalitchi ndi banja lako. Madola kulibe, koma boda nayonso kulibe. Malo ake ndi ochepa, ndipo wowapeza sawasiya.

Funso langa lenileni ndi ili: matayala akaima, amalipira ndani? Lero amalipira ndi dalaivala, ndi thupi lake ndi ndalama yake ya chakudya. Amalipira ndi mkazi amene wasanduka mayi ndi bambo nthawi imodzi, wopita yekha ku msonkhano wa makolo kusukulu, woyankha yekha eni nyumba, wopirira manong'onong'o a pa msika. Amalipira ndi mwana amene amadziwa atate ake ngati mawu a mu foni. Mu 2020, madalaivala atanyanyala ntchito, boma linatulutsa lamulo la Statutory Instrument 106, limene linaika malipiro oyambira a woyendetsa thiraki pa K3,000 pamwezi, pamodzi ndi ndalama za kogona ndi zina. Linali phazi loyamba labwino. Koma lamulo limene lili mu kabati ya ofesi silimufika munthu amene ali pa mzere pa Kasumbalesa, ndipo dalaivala amene walankhula kwambiri amadziwa kuti pa geti pali anyamata khumi onyamula malaisensi.

Kwa inu eni mathiraki, ndikulankhula mwaulemu chifukwa ndikudziwa kuti nanunso muli ndi ngongole za ku banki, misonkho ya pa ma toll gate ndi matayala okwera mtengo. Mukamapangana ndi mwini katundu za ndalama ya kuchedwa kwa thiraki, kumbukirani kuti m'thirakimo muli munthu. Tsiku loima liwerengedwe ngati tsiku la ntchito. Wobwera ku ulendo wa mwezi apatsidwe masiku enieni opuma, osati kumuimbira foni m'mawa mwake kuti katundu wina wapakiridwa kale. Dalaivala wotopa ndiye amagwetsa thiraki yanu pa Kapiringozi. Kwa a Unduna wa Zantchito ndi a RTSA oyang'anira za pamsewu, pitani m'magalaja a ku Heavy Industrial Area mukaone makalata a ntchito ndi maso anu, musadikire kunyanyala kwina. Ndipo ife a m'komboni, amene timalemba kanta kuti itinyamulire katundu, tileke kutsitsa mtengo mpaka munthu abwerere kwawo wopanda ndiwo.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 19, ndipo wayamba kale kuzungulira thiraki ya amalume ake ikabwera ku galaja. Akadzandifunsa, sindidzamuletsa. Msewu unaphunzitsa alamu Chiswahili ndi Chipwitikizi pang'ono, unawaonetsa nyanja ya mchere imene ine sindinaionepo, unamanga nyumba ndi kuphunzitsa ana atatu. Koma ndidzamuuza kuti asanasaine afunse mafunso amene anzake amachita nawo manyazi: tsiku loima mumalipira bwanji, ndikadwalira ku Mbeya adzanditenga ndani, dizilo akabedwa usiku mudzadula kwa yani, pamwezi ndizigona kwathu masiku angati. Ndidzamuuzanso kuti alowe akudziwa chaka chimene adzatulukemo, ndipo mkazi amene adzamukwatire auzidwe zoona chikwati chisanachitike.

Mukadzadutsa mumsewu mwathu, mudzasuzumire pa geti ya alamu. Pabwalo pali kanta yakale yoyera, yopanda injini, yokhazikidwa pa miyala. Anaigula chaka chatha kwa munthu wina wa ku Garden. Ulendo uliwonse amabwera ndi chitsulo chimodzi cha ku Dar es Salaam, lero pampu, mawa giyabokosi, n'kuchisunga pansi pa bedi. Akuti ikadzangolira kanta imeneyi, pasipoti idzalowa mu sutikesi. Tsidya lina la msewu, aneba aja sabata yatha anandiitana pambali n'kundionetsa risiti ya ku ofesi ya mapasipoti. Mwana wawo wamkazi wakhoza mayeso a giredi 12, akufuna kuphunzira unamwino, ndipo ndalama ya pa Buseko siingakwane. Apempha alamu kuti akawalankhulire kwa bwana wawo.

Alamu, ngati netiweki ikugwira pa Nakonde pamenepo, kunyumba kuli bwino, ana adya, ndipo denga lija linkadontha aneba akonza dzulo.